Laputopu ikuuma ndikayesa module yanga: ndikonze bwanji malo oyeserera kernel?

kadzidzi_265
Moni nonse m'gulu muno. Kwa miyezi iwiri ndakhala ndikudziphunzitsa kulemba ma module a Linux kernel (tizidutswa ta code tolowetsa mu kernel, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse) madzulo ndikaweruka. Yoyamba, yongolemba hello, inayenda bwinobwino. Tsopano ndalemba ka character device kosunga mawu amene munthu walemba mu /dev, n'kuwabweza akamawerenga. Ndikakalowetsa mu kernel ndi insmod palibe vuto, koma ndikangotumiza mawu ndi echo, laputopu imauma gwa. Mouse siyenda, kiyibodi siyankha. Ndimachita kukanikiza batani lozimitsira mpaka izime. Dzulo zachitika kanayi, ndipo ulendo womaliza ndinapeza fayilo ya code imene ndinali nditangosunga ilibe kanthu, ma byte 0. Ntchito ya masiku awiri inapita.

Ndi ThinkPad yakale, i5, RAM 8 GB, Ubuntu 22.04. Ndikayatsanso n'kuona uthenga wa kernel mu dmesg sindipezamo kanthu. Inu amene mumagwira ntchito imeneyi, mumaona bwanji cholakwika pamene makina amene akanakuuzaniwo afa?

ttyS0
Lekani kaye kuyesera pa laputopu yanuyo. Lero lomwe.

namadzi_linux
Pepani ndi fayiloyo achimwene, zimawawa. Funso limodzi: ikauma, kanyali ka Caps Lock kamaphethira kapena ayi? Komanso dmesg imaonetsa zimene zili mu RAM, ndiye mukazimitsa zonse zimafufutika. Yesani journalctl -k -b -1, imaonetsa uthenga wa kernel wa ulendo wapitawo, ngati unakwanitsa kufika pa disiki.

kadzidzi_265
Sikaphethira, achemwali. Ndayesa journalctl ija, ikuthera pa mzere wonena kuti module yanga yaipitsa kernel, ya taint ija. Kenako zii.

namadzi_linux
Taint ija musadandaule nayo, imangotanthauza kuti mwalowetsa module yochokera kunja. Koma zoti kanyali sikakuphethira ndi nkhani. Kernel ikachita panic pa PC, Caps Lock imaphethira. Yanuyo sinadziwe n'komwe kuti yafa, ikuoneka kuti CPU ina yakodwa, ikungozungulira pamalo amodzi. Mwagwiritsa ntchito spinlock, loko imene CPU imangozungulira poidikira?

kadzidzi_265
Eya, spin_lock_irqsave mu write.

gogo_unix
A kadzidzi, ndikhoza kukuuzani chimene ndikuchikayikira, koma ndi bwino muchione ndi maso anu, chifukwa mawa kubwera vuto lina ndipo ife sitidzakhalapo. Ndifotokoze mmene ndimakonzera malo anga. Khalani pansi, ndi yaitali.

Maganizo ake ndi akuti kernel imene mukuisewera isakhale imene ikuyendetsa laputopu yanu. Mumange kernel yanuyanu, muiyendetse mkati mwa QEMU, pulogalamu yoyerekeza kompyuta ina mkati mwa laputopu yanu, ndipo ikafa imafera m'kawindo ka terminal, inu muli phee ndi editor yanu.

Yambani ndi zomangira: build-essential, flex, bison, bc, libelf-dev, libssl-dev, libncurses-dev, kenako qemu-system-x86 ndi gdb, debugger yoimitsa pulogalamu kuti muone zimene zikuchitika mkati. Tengani source pa kernel.org, ya longterm monga 6.6 ndi yabwino poyambira. Mukalowa mufoda, lembani make defconfig. Musakopere config ya Ubuntu ya mu /boot, ija imamanga ma driver masauzande amene simudzawagwiritsa ntchito, ndipo pa i5 yakale mudzagona isanathe.

defconfig siyatsa zizindikiro zimene gdb amafuna, choncho onjezerani nokha:

scripts/config -e DEBUG_INFO_DWARF_TOOLCHAIN_DEFAULT -e GDB_SCRIPTS -e PROVE_LOCKING -e DEBUG_ATOMIC_SLEEP

kenako make olddefconfig, kenako make -j4. Ikatha mukhala ndi mafayilo awiri ofunika, ndipo anthu ambiri amawasokoneza. arch/x86/boot/bzImage ndi wofinyidwa, ameneyu ndi wopatsa QEMU. vmlinux, amene ali pamwamba pa foda, ndi wamkulu, ali ndi mayina onse a ma function ndi manambala a mizere, ameneyu ndi wopatsa gdb.

Kernel ikadzuka imafuna pulogalamu yoyamba yoti iiyendetse. Mangani BusyBox, kapulogalamu kamodzi kokhala ndi shell ndi malamulo wamba, ngati static, ikani mufoda yokhala ndi bin, proc, sys ndi dev, lembani kafayilo kotchedwa init kochita mount proc, sysfs ndi devtmpfs kenako exec /bin/sh. Musaiwale chmod +x pa init. Longedzani fodayo ndi cpio -o -H newc, ndiye initramfs yanu imeneyo. Module yanu muimange molozera source yatsopanoyi, osati ma header a Ubuntu, apo ayi insmod idzakana kuti Invalid module format. Fayilo ya .ko muiike momwemo mu initramfs. Poyatsa:

qemu-system-x86_64 -enable-kvm -m 1G -smp 2 -kernel bzImage -initrd initramfs.cpio -append "console=ttyS0" -nographic -s

Ka -s kaja kamatsegula khomo la gdb pa port 1234. Potuluka mu QEMU ndi Ctrl-a kenako x.

mphezi
Zonsezi chifukwa cha vuto limodzi? Akulu, ingoikani printk, yolemba uthenga wa kernel, mzere uliwonse muone pamene yaimira. Linus Torvalds mwini wake anakana debugger mu kernel kwa zaka zambiri, ankati imapangitsa anthu kuthamangira zizindikiro za matenda m'malo momvetsa code. Ndipo kernel inakula bwinobwino ndi printk.

ttyS0
printk aiwerengera kuti? Makinawo auma, disiki sinalembe kanthu.

gogo_unix
A mphezi mukunena zoona pa mbiri. Torvalds analemba zokana debugger m'chaka cha 2000, ndipo kgdb, yolola gdb kuimitsa kernel, inadzalowa mu kernel mu 2008, pa 2.6.26. Inenso printk ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse kuposa gdb. Koma a ttyS0 agunda pamutu penipeni. Ubwino woyamba wa QEMU si gdb ayi, ndi console=ttyS0 ija. Uthenga wa kernel umatuluka kudzera pa serial n'kufika pa terminal ya makina ena amene ali moyo. Choncho ngakhale mutakhala munthu wa printk yekhayekha, QEMU mukuifunabe.

mphezi
Pamenepo ndavomera. Koma ndikuumirirabe kuti wophunzira ayambe wawerenga code yake asanathamangire breakpoint.

mlimi_wa_code
Ndifunseko za data, chifukwa ena a ife timayendera bandulo. git clone ya kernel yonse imadya zingati? Ndinayesapo kamodzi, inaduka pakati, ndipo git siyipitiriza pamene yadukira. Ndinayambanso pachiyambi bandulo itatha kale.

namadzi_linux
Mbiri yonse ndi ma GB angapo, musaiyambe pa bandulo ya foni. Ngati mukungofuna kumanga ndi kuphunzira, tengani tar.xz ya pa kernel.org, ya 6.6 sifika 150 MB, ndipo wget -c imapitiriza ikaduka. Mukaimasula, pangani git init ndi commit imodzi momwemo, kuti muziona zimene mwasintha ndi git diff. Njira ina ndi git clone --depth 1. Mbiri yonse mudzaifuna tsiku limene mukufuna git bisect kapena git blame. Tsiku limenelo pezani mnzanu amene ali nayo kale, akuikireni pa flash ndi git bundle. Ine yanga ndinaitenga choncho, ndipo kuyambira pamenepo ndimangokoka zatsopano zokha, zimene ndi zochepa.

mlimi_wa_code
Za git bundle sindinkazidziwa. Zikomo kwambiri achemwali.

chiswe
Powonjezera pa za data, samalani ndi magetsi ngati mukumangira pa desktop yopanda UPS. Ine anandizimira make ili pakati. Atayaka ndinapitiriza, koma pamapeto linker inayamba kudandaula zosamveka. Ndinataya Loweruka lonse ndikuganiza kuti ndi compiler. Kunali mafayilo atatu a .o amene anatsala opanda kanthu, ndipo make inkawaona ngati atha kale chifukwa nthawi yawo inali yatsopano. Ndinawapeza ndi find . -name "*.o" -size 0, ndinawafufuta, zonse zinayenda. Komanso ikani ccache, kumanganso kachiwiri kumafulumira kwambiri.

kadzidzi_265
Ndabweranso. Ndivomereze kuti sindinamvere a gogo_unix pa config, ndinakopera ya Ubuntu poganiza kuti ndiyo yodalirika. Yamanga kwa nthawi ndithu kenako yaima: No rule to make target debian/canonical-certs.pem. N'chiyaninso chimenechi?

ttyS0
Config ya Ubuntu imaloza ma certificate amene ali mu source yawo, mu ya kernel.org mulibe. Mukhoza kuchotsa zimene zili mu SYSTEM_TRUSTED_KEYS ndi SYSTEM_REVOCATION_KEYS, koma mudzakumananso ndi vuto la pahole, chida china chimene config imeneyo imafuna, kutsogoloku. Bwererani ku defconfig.

wakuJoni
Ine ndimagwira ntchito ya ma board a ARM kuno ku Johannesburg, ndiye ndinene mbali imene QEMU siingakuthandizeni. Ngati driver yanu ikulankhula ndi chipangizo chenicheni, sensor ya I2C kapena chip china chimene QEMU sachidziwa, mudzafunika board yeniyeni ndi waya wa serial. Kachipangizo ka USB kupita ku TTL, ka CP2102 kapena FTDI, n'kotchipa ndipo ndi chida choyamba chimene ndimauza aliyense kuti agule.

Pa Raspberry Pi ndi mawaya atatu basi. Pin 6 ndi ground, pin 8 ndi TX, pin 10 ndi RX. TX ya Pi ipite ku RX ya kachipangizoko, RX ipite ku TX, mopingasa. Anthu ambiri amalumikiza TX ku TX n'kumadabwa kuti sikirini ili bii. Mu config.txt ikani enable_uart=1, liwiro ndi 115200, tsegulani ndi picocom kapena minicom. Chofunika koposa: ma pin a Pi ndi a 3.3V. Tizipangizo tina tili ndi jumper yosankha 5V kapena 3.3V. Chaka changa choyamba sindinayang'ane jumper imeneyo, ndipo UART ya board ina inafa m'manja mwanga. Yang'anani musanalumikize.

Pa waya womwewo mukhoza kuyendetsa kgdb. Pa command line ya kernel ikani kgdboc ndi dzina la serial yanu ndi 115200, kenako echo g > /proc/sysrq-trigger imaimitsa kernel kuti idikire gdb. Koma a kadzidzi, module yanuyo siikhudza chipangizo chilichonse, ndiye khalani pa QEMU.

nyenyezi_ya_mmawa
Pepani kuti ndikulowetsa nkhani ina. Ndimaphunzitsa makompyuta ku sekondale, ndipo ana akandifunsa kuti kernel n'chiyani ndimasowa liwu la Chichewa. Ena amati mtima wa kompyuta, koma mtima ndimaugwiritsa ntchito kale pofotokoza CPU. Inu mumati chiyani?

chiswe
Phata. Phata la operating system.

mlimi_wa_code
Phata ndi labwino koma silinena ntchito yake. Ine ndimati kapitawo. Pa esiteti kapitawo ndiye amagawa ndime, amanena kuti uyu alime apa, uyu adikire, khasu ili lipite kwa uje. Kernel imagawa nthawi ya CPU, imagawa RAM, ndipo pulogalamu siingakhudze disiki isanapemphe kwa iyo. Mwana wa kumudzi amamva msanga.

nyenyezi_ya_mmawa
Kapitawo ndaikonda. System call ndiye kupita kukapempha kwa kapitawo. Ndikayesa Lolemba.

mphezi
Kernel ndi kernel basi. Mwana akadzafika pa mayeso kapena pa ntchito sadzapeza kapitawo m'buku.

nyenyezi_ya_mmawa
Liwu la kernel ndimawaphunzitsa ndithu, bambo. Koma liwu lopanda chithunzi m'mutu amangoliloweza, sabata yamawa aiwala.

kadzidzi_265
Tibwerere kwa ine pang'ono. Ndi defconfig yamanga pasanathe ola. Poyamba QEMU inakana -enable-kvm, ndinapeza kuti virtualization inali yozimitsa mu BIOS, ndayatsa, ndadziikanso mu gulu la kvm. Tsopano ikudzuka m'masekondi ochepa mpaka pa shell ya BusyBox. Ndinakhala kaye chete ndikuyang'ana, kernel yomanga ndekha.

Koma gdb ikundivuta. Ndalemba gdb vmlinux, kenako target remote :1234, yalumikizana. Ndaika break pa vfs_write, ndapanga continue, ndalemba echo mkati mwa QEMU, siikuima. Ndikadina Ctrl-C n'kulemba bt ikungoonetsa ma address ndi zizindikiro za mafunso. Ndipo lx-dmesg ikuti Undefined command.

namadzi_linux
nokaslr. A gogo_unix anaiwala mu mzere uja.

gogo_unix
Zoona, kulakwa n'kwanga, pepani a kadzidzi. Mzerewo ukhale -append "console=ttyS0 nokaslr". Chimene chikuchitika n'chakuti kernel ikamadzuka imadziika pa address yosiyana ulendo uliwonse, ndi chitetezo chotchedwa KASLR, kuti wofuna kuthyola asadziwe pamene function ili. Pa x86 chakhala choyatsa mwachikhalire kuyambira 4.12 mu 2017. Ndiye vmlinux ikuuza gdb kuti vfs_write ili pakuti, pamene kernel yamoyoyo yasamukira kwina. Breakpoint yanu munaitchera pa njira imene mbewa sizidutsa.

Za lx-dmesg, gdb imakana kutsegula ma script a Python ochokera kufoda imene siikuidziwa. Werengani chenjezo limene imalemba poyamba, likukuuzani mzere wa add-auto-load-safe-path woti muike mu .gdbinit yanu. Ngati vmlinux-gdb.py palibe pamwamba pa foda, lembani make scripts_gdb. Zikatheka mukhala ndi lx-dmesg, lx-ps, ndi lx-symbols. Yomalizayi ndiyo yofunika kwa inu: mukapanga insmod, dinani Ctrl-C mu gdb, lembani lx-symbols ndi foda imene muli .ko yanu, pamenepo gdb idziwa mayina a ma function a mu module.

Kanthu kena. Mukadzafuna kuima pa start_kernel, onjezani -S wamkulu kuti QEMU idikire, ndipo gwiritsani hbreak osati break. Nthawi imeneyo kernel sinamasulidwe n'komwe mu RAM, ndiye breakpoint wamba alibe poti alembedwe.

chiswe
Ndipo musadabwe mukaona optimized out pa ma variable ena. Kernel imamangidwa ndi -O2, ndipo simungaimange yonse ndi -O0, imakana.

mwana_wa_windows
Ine ndili pa Windows 11, laputopu ndi ya kuntchito, sindingaike Linux. Zimenezi zingatheke pa WSL2, Linux yoyenda mkati mwa Windows?

ttyS0
Zimatheka. Koma source ikhale mu home ya Linux, osati mu /mnt/c. Kumeneko n'kochedwa, komanso Windows saona kusiyana kwa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, pamene mu net/netfilter muli xt_DSCP.c ndi xt_dscp.c, mafayilo awiri osiyana. Imodzi imadya inzake.

mphezi
Kwa a mwana_wa_windows ndi ena oyamba kumene, ine ndinganene kuti musayambe ndi Linux n'komwe. Tengani xv6 ya ku MIT, imene amaphunzitsira kosi yawo ya operating systems. Ndi kernel yaing'ono ya RISC-V yotengera Unix yakale, mukhoza kuiwerenga yonse, ndipo make qemu-gdb imakukonzerani zonse zimene a gogo_unix alemba pamwambapa. Imamanga m'masekondi, data yake ndi yochepa zedi. Spinlock yake ndi mizere yowerengeka, ndipo ukayesa kutenga loko imene uli nayo kale imachita panic pomwepo n'kukuuza. Munthu amene wawerenga spinlock.c ya xv6 sangalakwitse chimene ndikuganiza kuti a kadzidzi alakwitsa.

namadzi_linux
Pa xv6 tikugwirizana a mphezi, inenso ndinayambira pomwepo. Koma munthu wafika kale pakhomo, msiyeni alowe.

kadzidzi_265
Zatheka! Ndilembe zonse kuti wina adzapindule.

Ndaika nokaslr, ndakonza .gdbinit, ndapanga insmod ndi lx-symbols. Ndalemba echo moni ku device yanga. gdb ndisanaikhudze n'komwe, pa terminal ya QEMU patuluka uthenga wautali woyamba ndi WARNING: possible recursive locking detected. Wanena dzina la loko yanga, function imene inaitenga koyamba, ndi imene ikufuna kuitenganso. Kenako shell yauma ngati mmene laputopu inkachitira, koma ulendo uno ine ndili ndi mouse yanga m'manja. Ndadina Ctrl-C mu gdb, info threads yaonetsa ma CPU awiri ngati ma thread awiri. Ndasankha wachiwiri, bt, ndipo ndaona ndi maso: pansi vfs_write, pamwamba pake write yanga, pamwamba pake ka function kanga kofufuta buffer, ndipo pamwamba penipeni kernel ikudikira loko.

Mu write ndimatenga loko, kenako ndimaitana ka function kofufutako, ndipo nakonso kamatenga loko yomweyo. Ndinakalemba sabata ina ndi cholinga china, ndinaiwala. CPU inkadikira loko imene ili m'manja mwake momwe, ma interrupt ali ozimitsa.

gogo_unix
Ndi chimenecho ndinkachikayikira. Uthenga umene munaona ndi wa lockdep, ntchito ya Ingo Molnar ya mu 2006, ndiyo PROVE_LOCKING ndinakuuzani kuti muyatse ija. Pa kernel yoyeserera musamaizimitse. Onjezaninso KASAN, imachedwetsa ndipo imadya RAM, koma imagwira pomwepo mukalemba kupyola malire a buffer kapena kugwiritsa ntchito memory imene mwaibweza kale. Popanda iyo zolakwika zotere zimabisala, n'kudzaphulikira kwina kosakhudzana ndi code yanu.

mphezi
Mwaona? Wagwira vutolo ndi uthenga wa pa console, osati breakpoint.

ttyS0
Pa console imene anaiona chifukwa cha QEMU.

namadzi_linux
A kadzidzi, musanakondwe kwambiri, copy_from_user mukuiitanira pati? Mkati mwa loko kapena kunja?

kadzidzi_265
Mkati. Ndachotsa loko yachiwiri ija, tsopano sikuuma, koma patuluka uthenga wina: BUG: sleeping function called from invalid context. Ukuloza mzere wa copy_from_user womwewo.

namadzi_linux
Ndi DEBUG_ATOMIC_SLEEP imeneyo, ikugwira ntchito yake. copy_from_user ikhoza kugona, chifukwa tsamba la memory la pulogalamuyo mwina silili mu RAM ndipo kernel iyenera kukalitenga. Munthu wogwira spinlock saloledwa kugona. Pa Ubuntu yanu ija zikanangodutsa mwakachetechete maulendo ambiri, n'kudzakugwetsani tsiku limene RAM yathina. Device yanu ilibe interrupt handler, ndiye spinlock simukuifuna n'komwe. Sinthani muike mutex, loko imene imalola kugona, mutex_lock_interruptible mu read ndi write, ndipo muyang'ane chimene yabweza. Onaninso count musanakopere, isapose kukula kwa buffer yanu.

wakuJoni
Ndipo lembani ka script kamodzi komanga module, kulongedza initramfs ndi kuyatsa QEMU. Mudzachita zimenezi kambirimbiri pa tsiku. Mukadzatopa ndi BusyBox yang'anani virtme-ng, imayatsa kernel yanu pogwiritsa ntchito mafayilo a laputopu yomweyo popanda kulongedza kanthu.

kadzidzi_265
Ndaika mutex, mauthenga onse awiri asowa. Ndayendetsa ma loop awiri nthawi imodzi, wina akulemba wina akuwerenga, kwa mphindi khumi, palibe chachitika. Code ndaiika mu git tsopano, ndipo KASAN ikumanga pamene ndikulemba pano. Zikomo nonse, makamaka a gogo_unix ndi a namadzi_linux.

Funso lina laling'ono. Editor yanga ikulemba mizere yofiira pansi pa include iliyonse ya linux/, ndipo siingandilumphitse kupita ku function ya kernel. Pali njira?

chiswe
Ikani clangd, chida chothandiza editor kumvetsa code ya C. Mufoda ya kernel, mukamaliza kumanga, lembani make compile_commands.json. Ya module yanu panokha, yendetsani scripts/clang-tools/gen_compile_commands.py molozera foda ya module, imawerenga timafayilo ta .cmd timene make yasiya. Dikirani KASAN ithe kaye.